Nthambi Yachisanu

Dokotala ataletsa ababa kudya mchere, nyumba yathu inasanduka bwalo la milandu. Ababa ankakhala pa tebulo, kulawa kamodzi, n'kukankha mbale ndi zala ziwiri ngati kalata yofika kwa munthu wolakwika. Azakhali, mlongo wawo amene anabwera kudzakhala nafe amayi atamwalira, ankaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno n'kumandiyang'ana ngati ndine ndinayambitsa matenda a BP.

"Adigiri, tiuzenitu. Mabuku anu akuti chiyani?"

Adigiri ndi ineyo. Dzinali anandipatsa tsiku limene ndinabwera ndi pepala langa la ku yunivesite, ndipo linandikanirira chifukwa chaka chinatha pepalalo lili m'kabati, ine ndili pakhomo.

Mabuku ananenadi. Ndinawerenga za chomera chotchedwa loveji, m'bale wake wa selari, chimene masamba ake amakometsa msuzi mpaka munthu kuiwala kuti mulibe mchere. Ndinali ndisanachionepo, ndipo ngakhale anyezi ndinali ndisanadzalepo. Ndinaitanitsa kapaketi ka njere, n'kukumba kabedi kuseri kwa nyumba, pakati pa mpanda ndi ngalande, n'kufesa.

Patatha milungu itatu kunatuluka timbande tiwiri tofooka. Kenako chakumapeto kwa bedi, pafupi ndi ngalande, panamera kachitatu. Aka sikanafune kunyengerera. Pamene anzake ankalimbana ndi tsamba lachinayi, iko kanali katandifika m'maondo. Buku linati thunthu lake limakhala la mphako: linalidi la mphako. Buku linati fungo lake n'lamphamvu: mphamvuyo inalipo yokwana. Ndinkachithirira m'mawa uliwonse ngati mwana wobadwa yekha.

Lachinayi lina m'mawa ndinauza azakhali kuti tsiku lakwana.

"Lero msuzi wa ababa muikemo loveji. Mudule pa chachikulucho. Tiwiri tinato tisiyeni tikule."

"Chabwino, alangizi."

Ndinali ndi kalata yofunsira ntchito yokasiya mtauni. Ndinathothola tsamba limodzi pa kakang'ono ndi lina pa chachikulu, kuti pobwerera ndikafunse mayi wogulitsa mbande pafupi ndi depoti chifukwa chimene tiwirito tikupinimbira.

Mayiyo ndinawapeza akuthira dothi m'timachubu takuda. Anatikita tsamba laling'ono ndi zala n'kununkhiza.

"Uyu ndi loveji. Alibe vuto, amachedwa chomwechi chaka choyamba."

Anatenga lalikulu lija. Sanalitikite. Analitembenuza, n'kuyang'ana timadontho tofiirira pa nthambi yake, timene ine ndinkati n'kukongola. Analisendeza pamphuno kamodzi, n'kuliponya pa nyuzipepala. Kenako anatenga khani yothirira n'kuyamba kusamba m'manja.

"Achemwali, ichi mwachitenga kuti?"

"Ndinafesa."

"Simunafese. Chinabwera chokha. Pali madzi oyenda pafupi?"

"Ngalande."

"Ndi chimenechotu. Ichi chimagwetsa ng'ombe. Munthu akadya, miyendo imayamba kufooka, kenako mpweya umakana. Mukachizule lero, manja mutavala mapulasitiki. Palibe amene walawa, eti?"

Ndinayang'ana foni. Nthawi inali 12:20. Ababa amadya hafu thwelofu, chifukwa cha mankhwala awo, ndipo azakhali sachedwa ndi mphindi imodzi yomwe.

Ndinaimbira azakhali. Foni yawo imakhalira kuchipinda pa chaja, ngati wodwala wa pa dripi. Inaitana mpaka kudula. Ndinaimbira ababa. Yawo amaithimitsa masana kuti batire ipume. Ndinaimbiranso azakhali ndikuthamanga. Pa depoti minibasi inali ndi anthu anayi okha, kondakitala akulumbira kuti yatsala pang'ono kudzadza. Ndinakwera njinga yamoto. Njira yonse ndinkangomva mawu anga omwe: mudule pa chachikulucho.

Ndinalowa m'nyumba nthawi itadutsa wani koloko ndi mphindi zisanu. Ababa anali pa tebulo akupukuta mbale ndi kachidutswa ka buledi. Mbale inali yopanda kanthu, koyamba pa miyezi inayi. M'mphepete mwake munali timasamba tobiriwira.

"Amayi anga, lero ndiye ndadya," anatero kwa ine akumwetulira.

Ndinatulukira khomo la kuseri. Chomera chija chinali chilipo, chili njo, ndipo panali mabala a mpeni akadali anyowa. Ndinawerenga. Asanu.

"Azakhali!"

"Kwagwanji, Adigiri? Akulembani ntchito?"

"Mwaikamo masamba aja?"

"Si mwatero inu?"

"Ababa, imirirani. Miyendo ikumveka bwanji? Valani nsapato, tikupita kuchipatala."

"Kukhuta kwasanduka matenda tsopano?"

Ndinawafotokozera. Sindikudziwa kuti ndinayambira pati, koma mawu oti ng'ombe ndinawatchula kawiri. Ababa anasiya buledi. Anaika manja onse awiri pa maondo ngati akufuna kumva ngati adakali awo. Ndinali nditayamba kale kufunafuna nambala ya takisi pamene ndinazindikira kuti azakhali sanasunthe. Sanakuwe, sanagwire pamtima. Ankangoyang'ana pansi.

"Palibe amene akupita kuchipatala," anatero.

"Azakhali, mwamva zimene ndanena?"

Anapita pakona pa khitchini n'kutsegula bini. Pamwamba pa makoko a mbatata panali nthambi za chomera chija, masamba ake osadula.

"Ine mchimwene wanga sindingamudyetse chinthu chonunkha mikodzo ya makoswe. Kaya mabuku akuti chiyani."

"Nanga zobiriwira zili m'mbalemo?"

"Sipinachi."

Ndinagwira sinki. Kenako funso lina linabwera lokha.

"Sipinachi wakhala akuikidwa masiku onsewa. Lero wakoma bwanji?"

Ababa anapeza chinthu chosangalatsa kwambiri pa zenera.

"Kamchere ka pachala," anatero azakhali. "Kuti musakhumudwe kuti mankhwala anu sanagwire."

"Lero lokha?"

"Lero lokha," anatero azakhali, nthawi yomweyo ababa akuti, "Lamulungu lokha."

Mlandu umenewo ndinausunga. Ndinayala nyuzipepala pa tebulo, n'kutola nthambi zija ndi foloko, imodzi imodzi. Zinali zinayi. Ndinavundula bini mpaka pansi. Zinayi.

"Mwadula zingati?"

"Zinayi."

"Mabala ndi asanu."

"Mwawerenga molakwika."

"Kulima sinditha, koma kuwerenga mpaka faifi ndimatha."

Apa ndi pamene nkhope ya azakhali inasintha. Anayang'ana pa thabwa lodulira masamba. Anayang'ana pansi pa sinki, kuseri kwa sitovu. "Ndinaziika pambali," ankatero motsitsa, "sipinachi anali mbali iyi, izo mbali iyo." Koma mawu awo sankakhulupirira mwini wake. Anakokera poto pafupi n'kuyamba kuvuula masamba otsala ndi sipuni, kuwayala pa mbale, kuwatambasula ndi chikhadabo. Tsamba lophika lililonse limafanana ndi linzake.

"Achimwene, mukumva bwanji? Nenani zoona. Adigiri, imbani takisi ija."

Ababa anatsokomola pang'ono. Anapisa dzanja m'thumba la malaya, kuseri kwa cholembera, n'kutulutsa kanthambi kofota. Anakaika pa nyuzipepala pambali pa zinzake.

"Ndinadula ine m'mawa. Ndinakaonetsa anzanga pa benchi ya ku shopu. Amandifunsa kawirikawiri kuti mwana wanu akupanga chiyani."

"Munaluma?"

"Mmodzi anati ndilawe."

"Ababa. Munaluma kapena ayi?"

"Ayi. Ndinangosendeza pamphuno."

"Anzanuwo?"

"Palibe. Chinathera m'thumba muno." Anakanda pa tebulo ndi chala. "Fungolo ndinalimva kalekale, amayi. Ndikamadutsa kokayanika thaulo limandipeza."

"Ndiye osanena bwanji? Nonse awiri?"

Azakhali anabwezera chivindikiro pa poto. Ababa ndi amene anayankha.

"Unkachithirira ukuimba. Chaka chonse chija sunaimbepo."

Ndinawauza kuti akasambe m'manja ndi sopo ndipo malayawo avule. Ndinaimbira namwino wa ku kiliniki yawo, amene anandifunsa mafunso omwe aja n'kunena kuti ndiwayang'anire, ndipo chikasintha chilichonse tithamange nawo. Mpaka folo koloko ndinkawayendetsa kuchoka pa mpando kufika pakhomo n'kubwerera. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anaguba ngati msilikali, ndipo azakhali anawauza kuti akule.

Chomera chija ndinachizula dzuwa likadalipo, manja onse ali m'majumbo. Muzu wake unali woyera, wautali ngati karoti, ndipo unakana kaye. Ndinachikulunga m'majumbo awiri pamodzi ndi nthambi zisanu zija n'kumanga mfundo. Pa bedi panatsala dzenje ndi timbande tiwiri, tosafika n'chikhatho chomwe.

Azakhali anabwera n'kuwerama. Anathothola kansonga ka tsamba, kutikita, kununkhiza, kununkhizanso.

"Aka ndiye kakununkhira ngati chakudya. Kakula liti?"

"Mayi wa mbande akuti chaka choyamba kamachedwa."

"Mayi wa mbande. Osati mabuku?"

"Mayi wa mbande."

"Ndiye mpaka nthawi imeneyo achimwene azidya chiyani?"

"Sipinachi."

Polowa m'nyumba ndinadzera kukhitchini. Chitini cha mchere ndinachipeza kuseri kwa paketi ya masamba a tiyi, kumene sichinkakhala kale. Ndinapita nacho kuchipinda kwanga, n'kuchiika m'kabati pamwamba pa pepala la ku yunivesite lija, n'kukhoma.