Yazimanso, Mayi

1.

Yazimanso.

Ndi mawu okhawo amene bambo ake ankanena pa foni. Moni analibe, za adzukulu sankafunsa. Tinenenji ankayika foniyo pathebulo la kuntchito, n'kuyang'ana makadi a ukwati wa eni ake amene anali asanamalize kukonza, n'kuusa moyo. Poweruka, m'malo molunjika kwake ku Chirimba, ankakwera minibasi ya ku Bangwe, sikuludiraiva ili m'chikwama.

2.

A Likongwe, bambo akewo, anali oyimba. Masiku awo, ukwati wa ku Bangwe wopanda gitala lawo unkaoneka ngati wobera. Nyimbo ankapeka okha: ya mkazi wogulitsa makala amene anakana mphunzitsi, ya njinga yobwereka, ya mlamu wosachedwa kupsa mtima. Palibe ndi imodzi yomwe inajambulidwa.

Kenako pakhosi panayamba kuvuta. Poyamba nyama inkakana kudutsa. Pambuyo pake ndi mbatata yomwe. Adokotala anatchula dzina la nthendayo motsitsa mawu, akuyang'ana a Nangozo, akazi awo, osati odwalawo.

Atafika kunyumba anaitanitsa mwana wawo, amene anali atatha miyezi osaponda pakhomopo. Mkangano panalibe. Ntchito, ana, mtunda. Basi.

Mayi, anatero a Likongwe, poti ankamuitana choncho kuyambira ali wakhanda, undijambuleko mawuwa asanathe.

Pa foni pakopo sizingatheke? anafunsa a Nangozo.

Ayi amayi, anatero Tinenenji. Nyimbo za ababa zizimveka ngati munthu akuyankhulira m'chitini? Ndiwapangira kompyuta yeniyeni, ndi manja angawa.

3.

Zimene anagula ku Limbe, m'kashopu ka Jafali kuseri kwa msika:

bodi, pamene zina zonse zimakhazikika
ramu ziwiri, zopyapyala ngati zipeso
kabokosi kogawa magetsi
fani
chibokosi chakuda, chokandika mbali imodzi
zingwe
zingwe zinanso

Zonse n'zoyesedwa izi, achemwali, anatero Jafali. Zikavuta mubwere nazo.

4.

Tsiku loyamba anayala chitenje pathebulo la pabalaza, n'kulumikiza chimodzichimodzi, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Atadina batani, fani inazungulira kamodzi.

Phuu!

Kautsi. Fungo la pulasitiki yopsa linafika mpaka kukhitchini.

Kabokosi ka magetsi kanali kakufa kale. Jafali anasintha osawiringula. Loweruka lotsatira makinawo anangolira tii, tii, tii, ngati kamwanapiye kosochera, sikirini ili bii. Ramu imodzi inali yakufanso. Jafali anasinthanso, koma ulendo uno sanaseke.

5.

Iye akaweramira m'chibokosimo, bambo ake ankakhala pampando kumbuyo kwake, gitala lili pamwendo. Ankayamba chapansipansi, ndi mawu osasa aja.

Ababa, sungani mawuwo. Mukungowataya.

Ndikungoyesa, mayi.

Ndikufuna ndimve mmene makinawa akulirira. Pang'ono pokha.

Gitala linkakhala chete. Pakapita kanthawi linkayambanso, nyimbo ina.

6.

Inayaka.

Zilembo zoyera zinatuluka pa sikirini, a Nangozo n'kuimba nthungululu mpaka aneba anasuzumira pampanda. Tinenenji anakhala pansi, kumsana kukuwawa, akuseka yekha.

Mawa tijambula, anatero. Ndibwera ndi maikolofoni. Tsiku limodzi likwana, nyimbo zonse mbwee, kenako ndisiye kukusokonezani.

Tsiku limodzi, anabwereza a Likongwe.

Limodzi lokha, ababa.

A Likongwe anagwedeza mutu, akuyang'ana chibokosi chakudacho.

7.

Yazimanso.

8.

Ndiye kunali kupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera, makondakitala a ku Bangwe mpaka anamuzolowera n'kumamusungira mpando wa pazenera, akafika n'kutsegula chibokosicho amapeza lero kachingwe kasololoka pang'ono, mawa ramu yatukuka mbali imodzi, mkucha chingwe cha fani chalendewera, iye n'kumatukwana mumtima bodi yotchipa ya mabowo olekera, n'kumaganiza kuti mwina ndi kunjenjemera kwa fani, mwina ndi makoswe, mwina ndi thebulo lopendekeka, mpaka anaika kachikatoni pansi pa mwendo wa thebulo, anamata zingwe ndi selotepi, anathira mankhwala a mphemvu, ana ake ku Chirimba akudya mochedwa, mwamuna wake akufunsa kuti kodi kompyutayo ndi ya golide, abwana akufunsa za makadi a ukwati, ndipo tsiku lililonse ikayaka dzuwa limakhala litapendeka kale, iye n'kutembenuka maikolofoni ili m'manja kuti tiyeni ababa, tiyambe pompano isanasinthe maganizo, bambo ake n'kugwira pakhosi, n'kunena kuti lero pauma, mayi, mawa tijambula

9.

Ku Limbe.

Anaponya bodi pakauntala, makasitomala ena akuona.

Mumagulitsa zinyalala inu. Bambo anga akudwala, inu mukundiseweretsa.

Jafali anainyamula mosamala, n'kuilumikiza pa makina ake pomwepo. Inayaka. Anaigwedeza, anaipendeketsa. Sinazime.

Achemwali, ziwiri zoyamba zija ndinavomera, zinali zakufa. Koma iyi ndi yamoyo. Kunyumbako alipo amene amaigwira?

Kuli nkhalamba ziwiri. Mukufuna kunamizira odwala?

Sindikunamizira munthu.

Wakuba iwe.

Mawuwo anatuluka mokweza. Mayi wina amene ankasankha chaja anaibweza pakauntala n'kutuluka. Jafali anakulunga bodiyo m'pepala lake, n'kuipereka ndi manja awiri.

Mulungu awachize bambowo, anatero.

10.

Mawu anali atatsala a manong'onong'o. Gitala silinkachokabe pamwendo.

Mayi.

Ee, ababa. Mutu wa Tinenenji unali m'chibokosi.

Tsiku limene unabadwa ndinali ku ukwati ku Nguludi. Uthenga unandipeza ndili pakati pa nyimbo. Sindinaimalize. Anthu anandithamangira mpaka pamsewu.

Mmm.

Ukudziwa kuti inali nyimbo iti?

Ababa, mundigwirireko tochiyi. Muunike apa. Ayi, apa.

Anaunika. Kuwala kunkavina pa zingwe.

Ugone konkuno lero, mayi.

Ana, ababa. Mawa ndibwera.

11.

Foni inalira ali kuntchito. Nambala inali ya bambo ake. Anaiyankha atatopa kale, dzanja lina likufufuza sikuludiraiva m'chikwama.

Anali amayi ake.

Tine, bwera kuchipatala. Usadzere kwina.

12.

Zimene anthu ananena pamaliro:

anali munthu wa anthu
ukwati wathu anaimba ndi iwowa
ija ya makala ija imayamba bwanji kodi
mwana wawo ndi wa makompyuta, ndiye nyimbo zonse zilipo
mudzatigawireko, achemwali

Tinenenji ankangoyang'ana pansi.

13.

Anthu atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa kutchalitchi, anavundukula chitenje pa chibokosi chija. Sankafuna kanthu. Chala chinangodina chokha.

Inayaka.

M'mawa mwake anadinanso. Inayaka. Anakhala kwa amayi ake sabata yonse, ndipo sinazime ndi kamodzi komwe. Anakankha thebulo ndi bondo. Anachotsa kachikatoni kaja. Anamenya chibokosicho ndi chikhatho mpaka chikhathocho chinatentha.

Lero ndiye wayaka? Lero? Ndijambule ndani?

Fani inkangozungulira, myaa, bwinobwino.

14.

A Nangozo anali ataima pakhomo la kukhitchini, duku lakuda kumutu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwera n'kukhala pamkeka pafupi naye.

Usaimenye. Ilibe mlandu.

Amayi, yandilanda nyimbo za ababa.

Khala pansi, Tine.

Anakhala.

Zoyamba zija, za utsi zija, zinali zoona, anatero a Nangozo. Koma chiyakireni tsiku lija ndinaimba nthungululu, sinawonongekeponso.

Mukutanthauza chiyani?

Ukangotuluka pageti ankandituma pazenera, ndione ngati wakhota pachigayo. Ndikati wakhota, ankadzuka. Munthu wolephera kunyamula kapu ya tiyi, koma chibokosicho ankatsegula yekha. Ankakuonerera ukamalumikiza, ndiye ankadziwa pogwira. Lero asolole aka, mawa atukule ako. Pang'ono pokha, kuti asawononge zinthu za mwana. Selotepi yako ija inawavuta, anachita kutumbula ndi singano yanga.

Tinenenji anayang'ana chibokosicho. M'maso mwake munabwera Jafali, akupereka bodi ndi manja awiri.

Ndinkawakalipira, anapitiriza amayi ake. Ndinkati mwanayu mumupha ndi maminibasi, ali ndi banja lake. Iwo ankati, Nangozo, ikayaka ajambula tsiku limodzi n'kumapita. Ikazima, mawa abwera.

Bwanji osangondiuza kuti ndizibwera?

Bambo ako? Kupempha mwana kuti adzawaone? Ankati wabwera ndi ntchito, tisamuchedwetse.

Panja mwana wa aneba ankakokera chidebe kumpopi.

Nanga nyimbo zija, amayi? Ankafunadi kuti zijambulidwe?

Poyamba ankafuna. Kenako anati wozimva alipo kale m'nyumba muno.

Koma sanaimbe. Tsiku lililonse ankati pakhosi pauma.

A Nangozo anamugwira bondo, n'kulisisita pang'onopang'ono ngati akuchotsa fumbi.

Anaimba zonse, mwanangu. Ndinkamva ndili kukhitchiniko, imodzi ndi imodzi, mpaka anatsala ndi mpweya wokha. Anakuimbira kumsana.