Dzina la Mlamu pa Pepala la Nyumba

Nyumba inali yatsopano, penti ikununkhabe, mawindo ali ndi madontho a simenti. Mayi wosoka madiresi, amene mwamuna wake anamwalira zaka zitatu zapitazo, anadzimana mpaka ndalama zogulira zinakwana, koma za loya ndi za mapepala zinaperewera. Mlamu wake, m'bale wa malemuyo, ndiye anathirapo. Thandizo la munthu ameneyo, ha, n'kumeza mbedza!

Tsiku losayina, kalaliki wa kampani yomanga anayala mapepala pakauntala ya kukhitchini poti mipando munalibe. Mayiyo kuwerenga amachita kukwawa, chala chili pamzere. Pansi pa dzina lake anaona dzina lina.

"Bambo, ili ndi la ndani?"

"La alamu anuwa, mayi. Anatiimbira foni kuti nyumbayi ndi ya anthu awiri."

Mlamu anali kuchipinda chachikulu, akuyeza khoma ndi mapazi. Anatulukira akumwetulira.

"Alamu, mwauma thupi bwanji? Mkazi payekha nyumba angaisunge? Sayinani, mukuchedwetsa anthu."

Mayiyo anayang'ananso dzinalo. M'maganizo anaona ana ake ali panja, katundu ali pamutu, monga mmene achibale a mwamuna wake omwewa anawatulutsira m'nyumba ya malemu. Anaika cholembera pakauntalapo n'kutembenukira kwa kalaliki.

"Bambo, ndikakana, nyumba indipita?"

"Muli ndi masiku asanu obweza ndalama zimene alamu anuwa anathirapo."

"Fufutani dzinalo," anatero mayiyo. "Makina anga osokera ndikagulitsa mawa."

Kuti ana azidya chiyani makina atapita, sanadziwe. Mlamu anaima pakhomo lotulukira, osasuntha.