Zinyalala za M'mimba mwa Kapiteni

Amene anapha ng'ombe yanga ndi a Davies Sakala, tcheyamani wa msika wathu, pamodzi ndi mlamu wawo Collins, mwini kampani yotola zinyalala ya Kayeretse. Mpeni anagwira ndi a Abudala a butchala, koma iwo ndilibe nawo mawu. Ine ndine Violet Mvula, amake Jimmy, mkazi wa malemu Rabson.

Msika wathu uli pamsewu waukulu, pakati pa Katete ndi Sinda. Kuyambira kalekale zinyalala zake tinkachotsa ndife, ine ndi amuna anga, pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, Kapiteni ndi Bantomu. Iwo ankagwira fosholo, ine ndinkatsogolera ng'ombe m'tinjira tapakati pa mabenchi. Tikamalowa mumsika tinkaziveka timadengu ta waya pakamwa, chifukwa ng'ombe ikanunkhiza pulasitiki ya tchipisi kapena ya kapenta imameza osafunsa.

A Rabson anamwalira nthawi yokolola. Pamaliro a Davies anabwera ndi jekete lakuda, analankhula mpaka azimayi kusisima. Atadya, anagwada pafupi ndi mphasa yanga.

"Amake Jimmy, lirani bwino. Za kumsika musaganizeko. Malo anu ndisunga ndine."

A Davies ndi Mchewa ngati ine. Akudziwa kuti mkazi wofedwa sayendayenda m'misika mpaka akuchimuna atamumasula. Akudziwa kuti katundu wa malemu sagwiritsidwa ntchito abale asanakhale pansi kugawa, ndipo ngolo ndi ng'ombe zinali katundu wa malemu. Ndinakhala panyumba monga mwambo ukunenera. Ngolo inakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Nthawi yomweyo ndi imene a Davies anaitanitsa msonkhano wa komiti ya msika. Anauza anthu kuti a ngolo athawa ntchito, msika ukununkha, pakufunika kampani yokhala ndi lole. Ku maofesi a khonsolo anakanena zomwezo. Tenda yochotsa zinyalala inatuluka, anapambana ndi Collins, amene anakwatira mlongo wawo.

Apongozi atandimasula anandisiyira ng'ombe zonse ziwiri kuti ndilerere ana. M'mawa mwake ndinamanga goli n'kupita kumsika. Pachipata ndinapeza chikwangwani chobiriwira, ndipo a Davies anali ataima pansi pake.

"Aaa, amake Jimmy, mwatuluka? Mwanenepatu."

"Ndanenepa ndi misozi. Patukani ndidutse."

"Zinthu zinasintha, mayi. Zinyalala zonse za mumsika uno tsopano ndi za kampani. Ngakhale khoko la nthochi. Wina akanyamula, ndi mlandu."

"Si inu munati malo anga musunga?"

"Ndinasunga, koma munachedwa."

"Ndinachedwa kuti? Kumowa?"

Anayang'ana foni yawo, ngakhale sinalire. Ndinatembenuza ng'ombe n'kubwerera.

Lole ya Collins ndinaiona. Ndi yaikulu, yopentedwa bwino, ndipo m'tinjira ta msika siingalowe. Inkaima kumsewu n'kuliza hutala kuti azimayi asiye malonda azisenza okha zinyalala. Kenaka inayamba kusowa. Anthu ankati ili ku Vubwi, ikututa soya wa mavenda kumalire. Milu inakula kuseri kwa mabenchi, ntchentche zinachita kuda bii pa tomato.

Tsiku lina kunyumba kunabwera a Halima, amene ali ndi lesitilanti pakona pa msika. Anakana ngakhale mpando.

"Amake Jimmy, mphutsi zafika pakhomo la khitchini. Makasitomala akumabwerera panjira atagwira mphuno. Bwerani ndi ngolo, ndapota nanu."

"Akuti ndi mlandu."

"Mlandu wochotsa uve? Akakumangani andimange ndi ine, tikaphikire apolisi."

Ndinapita. Ndinali nditadzaza ngolo theka pamene Collins anatulukira, a Davies ali pambuyo pake ngati mchira.

"Mayi, mukuba katundu wa kampani," anatero Collins.

"Katundu wake mphutsizi? Bwerani ndikuthireni m'thumba."

Azimayi a tomato anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunamupsetsa mtima. Analamula kuti ngolo ndi ng'ombe zikatsekeredwe ku yadi ya kampani mpaka komiti idzakambe. Yadiyo ndi mpanda wa waya kuseri kwa msika, kumene ankaunjika zinyalala zodikira lole. Munalibe udzu ngakhale wodzaza dzanja. Ndinachonderera mlonda wawo, a Clement, kuti azimangirire kutali ndi mulu.

"Kutali kwake kuti, mayi? Yadi yonse ndi mulu."

A Clement si munthu woipa. Anaona ng'ombe zikulira ndi ludzu, anazivula timadengu kuti zimwe madzi. Ine ndinkabweretsa mapesi n'kuponya pamwamba pa waya, chifukwa kulowa anandiletsa. Komiti sinakhale. A Davies tsiku lina anali ku Chipata, tsiku lina kumaliro, tsiku lina mutu. Mpaka a Halima anasonkhanitsa azimayi n'kukaima pa ofesi ya msika akuwomba mapoto, ndi pamene anatsegula geti.

Bantomu anatuluka wowonda koma wamoyo. Kapiteni anatuluka mimba ili tiii, nthiti zikuwerengeka. Kunyumba anasiya kubzikula. Ankangoima, mutu pansi, dovu likutsika. Alangizi a ziweto anamugogoda pamimba n'kupukusa mutu. M'mawa wina anagona osadzukanso, maso okha akuphethira. Ndinaitana a Abudala kuti amuzinge asanafe yekha.

Atang'amba chifu, a Abudala anabwerera m'mbuyo. Anatulutsa chimtolo chakuda cha mapulasitiki opotana ngati chingwe, zisaka za anyezi, ndi lamba wa patapata.

"Mama, ine ndazinga ng'ombe zambiri," anatero, "koma iyi inali dzala loyenda."

Nyama inali yochepa, yotuwa. Chimtolocho sindinataye. Ndinachiika m'beseni, ndinasenza, n'kudutsa nacho pakati pa msika dzuwa lili pamutu. A Davies ndinawapeza mu ofesi akumwa tiyi ndi Collins. Ndinakhuthula patebulo, pafupi ndi shuga.

"Mwapenga kodi? Chotsani zonunkhazi!" anakuwa a Davies.

"Ndabweza katundu wa kampani. Ng'ombe yanga inaba, ndiye ndabweza."

"Amake Jimmy, tengani zinthu zanu mutuluke."

"Si inu munati kunyamula zinyalala za mumsika ndi mlandu? Itanani lole."

Collins anatuluka atatseka pakamwa ndi tayi. A Davies anangoti nkhani ya ng'ombe ndilembe dandaulo, komiti idzaona. Komiti yake ndi iwo omwe.

Ndinabwera kunyumba ndi beseni lopanda kanthu. Chikwangwani chobiriwira chikadali pachipata. Lole imabwera ikafuna. Ngolo yabwerera pansi pa mango, chifukwa goli limafuna makosi awiri ndipo ine ndatsala ndi limodzi. Bantomu amalira kukhola akuyang'ana mbali imene mnzake ankagona. Mitambo yayamba kusonkhana, anzanga akonza kale mapulawo, munda wanga uli chikhalire. Dzulo apongozi anatuma uthenga kufunsa kuti ng'ombe ya ana a mwana wawo ndaipititsa kuti.

Tsono inu amene mukuwerenga, musangopukusa mutu n'kutembenuza tsamba. Ena mwa inu munali pamaliro paja, munamva a Davies akulonjeza. Ena munakweza manja pamsonkhano uja mukudziwa kuti ndili pamphasa. Ndikanatuluka msanga mukanati ndine mfiti, ndinadya mwamuna wanga. Ndinakhala, mwati ndinathawa ntchito. Ndiuzeni chimene ndinayenera kuchita. Ndiuzeninso chokawayankha apongozi, ndi amene alowe m'goli pambali pa Bantomu mvula ikagwa. Ndiyankheni.