Dzina la Wamoyo Pansi pa Chithunzi cha Malemu

"Mwandipha ndili moyo, mayi inu!" anakuwa Andireya, n'kuponya mtolo wa mapepala patebulo la Lettie.

Lettie anatola limodzi. Inali ndondomeko ya maliro imene anasindikiza m'mawa womwewo m'kashopu kake pafupi ndi msika wa Chipata. Pansi pa chithunzi cha malemu Petulo panali dzina la mng'ono wawo, Andireya yemweyu, amene ntchito yake inali kungowerenga mbiri. Manyazi anamugwira Lettie.

Gwero lake ankalidziwa. Sabata yapitayo anachotsa m'kompyuta pulogalamu yolembera yakuba, imene inabwera ndi vairasi, n'kuikamo yaulere yoti aliyense amaloledwa kuigwiritsa ntchito. Koma mafayilo ake akale, omwe ankangosinthamo mayina maliro akagwa, ankati akatsegulidwa mu yatsopanoyi mizere inkasuntha. Tsiku limeneli, chifukwa cha phuma, anasindikiza osawerenga.

Mwamuna wake Fackson, yemwe sankaphonya mpata wooneka wanzeru, anatsokomola.

"Ndinanena ine, amake Tawina. Walira mvula walira matope. Maofesi onse m'tauni muno ali pa yakale ija. Akumpingo ku Tamanda akatithawa, tizitayipira mbuzi?"

"Yakuba yanuyo itadya makalata a anthu munali kuti?" anayankha Lettie. "Munabisala kuseri kwa fotokope, wotukwanidwa ndinali ine."

Anatembenukira kwa mlendo uja n'kuwomba m'manja. "Pepani bambo, wolakwa ndine, osati makina. Khalani apa."

Anatsegula tsamba loyera n'kuyamba kutayipa chilichonse mwatsopano: nyimbo, olankhula, onyamula bokosi. Dzina lililonse ankati Andireya aliwerenge mokweza. Atafika pa la mkulu wake, bamboyo anagwetsa misozi, ndipo Lettie anaimitsa zala kufikira iye atapukuta maso.

Mapepala anatuluka bwinobwino. Andireya anawakulunga, koma ali pakhomo anacheuka.

"Oyamba aja anthu awaona kale kusiwa. Akulu a mpingo wathu wa ku Tamanda ati za Khirisimasi akasindikiza kwina."

Zinamupweteka Lettie, pakuti mpingowo ndiwo unkadyetsa shopuyo. Fackson anatulutsa fulashi m'thumba n'kuiika patebulo mwakachetechete.

"Yakale ija ili umu. Mphindi khumi basi, zonse zibwerera m'malo."

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo ake Tawina. Chandigwetsa n'kuponda kuwiri: pulogalamu yatsopano, mafayilo akale."

Anakankhira fulashiyo kumbali. Kenaka anasankha mafayilo onse akale, a maliro, a ukwati, a ubatizo, ntchito ya zaka zisanu ndi zinayi, n'kuwafufuta Fackson akuona.

"Mwapenga! Nanga akabwera wa ukwati mawa?"

"Adzandipeza ndatayipa," anatero Lettie, akukokera mpando pafupi. "Ngati manja akukuyabwani, tengani buku la nyimbo muzindiwerengera."