Galasi la Kadamsana

Wailesi italengeza kuti dzuwa lidzagwidwa ndi kadamsana Lachinayi m'mawa, a Eliya anapalasa njinga mpaka ku Naisi kukabwereka galasi lakuda kwa Kenny, wowotcherera zitsulo. Iwo anaphunzitsa sayansi moyo wawo wonse, ndipo ngakhale anali atapuma ntchito, sankalola kuti za kumwamba zifotokozedwe ndi munthu wamba.

Galasilo anabwerekera akazi awo, a Enifa. Pa kadamsana wa zaka zakumbuyo, a Eliya anali ndi ana a sukulu pabwalo, mayiwo ali kudimba. Tsopano maso a Enifa anali kuchita chifunga, ndipo adokotala ku Zomba anali atanena mosabisa kuti chifungacho sichidzabwerera m'mbuyo.

"Ulendo uno muonera limodzi ndi ine," anatero a Eliya. "Koma mumve bwino: popanda galasi ili, musayerekeze kukweza maso. Dzuwa limaotcha."

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha mayiwo akuseka. "Kodi mayeso ake tilemba liti?"

Lachinayi kutacha, a Enifa anavala chitenje chawo cha Mvano nakhala pampando pansi pa mtengo wa mango. Apo mpamene panadutsa a Cathy, oyandikana nawo nyumba, nanena kuti kusukulu mphunzitsi wachinyamata wauza ana kuti aonere dzuwa m'beseni la madzi.

A Eliya anadzambatuka. "M'beseni? Afuna kuchititsa khungu mudzi wonse?"

"Abambo, si sukulu yanunso imeneyo," anatero a Enifa.

"Ndingokawongola. Ndibwera zisanayambe."

Anapita galasi lili m'thumba la jekete.

Kusukuluko anakhuthulitsa mabeseni, nayimika ana pamzere kuti aliyense asuzumire pagalasi. Dzuwa litayamba kulumidwa m'mbali, ana anakuwa, ndipo mtima wa a Eliya unabwerera mwakale. Anafotokoza za mthunzi wa mwezi, za makina amene anthu amatumiza kukazungulira maiko a kumwamba. Kuwala kunafooka, mphepo yozizira inatsika kuchokera kuphiri, koma mzere unali udakali wautali ndipo mafunso anali okoma. Pamene anakumbukira mpando wa pansi pa mango, dzuwa linali litatsala pang'ono kukhalanso lathunthu.

Anapalasa njinga ngati mnyamata. Anapeza a Enifa ali pomwe anawasiya, mutu uli chozyolika, manja ali pamiyendo.

"Mwaona chiyani?" anafunsa ali wefuwefu.

"Mapazi angawa. Munati ndisakweze maso." Mawu awo analibe mkwiyo. "Ndinangomva kuzizira, mbalame nkukhala chete. A Cathy anandiitanira kubeseni lawo, ine nkukana kuti aphunzitsi anga akubwera."

A Eliya anatulutsa galasi lija nawagwiritsa. Mayiwo analiika kumaso, nayang'ana nthawi yaitali.

"Langokhala lathunthu, ngati la masiku onse," anatero. "Nanga kadamsana wina adzabwera liti?"

A Eliya ankadziwa chaka chake, pakuti anali atawerenga. Ankadziwanso zimene adokotala ananena.

A Enifa anapukuta galasilo ndi nsonga ya chitenje nawabwezera.

"Kamubwezereni Kenny," anatero. "Mwina ntchito yake yaima."