Nsapato Zoyera za Deborah

Veronika wa ku Nchema ankadziwa kuti pa Boma pali kogula kuwiri. Kumtunda, m'mbali mwa msewu wa phula, kunali masitolo a magalasi ndi matailosi, omwe ankangowasuzumira podutsa. Kumunsi, kuseri kwa poima akabaza, kunali mabenchi ndi kaunjika woyala pamasaka, ndipo banja lake lonse linkavalira kumeneko.

Chaka chimenecho mwana wake Deborah amalandira Ukalistia koyamba. Diresi loyera linali litasokedwa kale, zinangotsala nsapato. Veronika anali atauza Che Sabiti, ogulitsa nsapato kumunsi, kuti akatsegula belo amusungire zoyera. Bamboyu sanali mlendo kwa iye. Deborah akubadwa kuchipatala cha mishoni, mkazi wa Che Sabiti, Abiti Shukuru, anagona pabedi loyandikana ndi lake, ndipo poona kuti Veronika analibe womudikirira, Che Sabiti ankabwera ndi phala la anthu awiri masiku anayi onse.

Lachinayi kunafika Tracy, mkazi wa mchimwene wake, kuchokera ku Blantyre. Tracy ankagwira ntchito mu ofesi, ankanunkhira bwino, ndipo Veronika akakhala naye pamphasa ankakokera nsalu pansi kubisa zidendene zong'aluka. Mlamuyo sananenepo mawu onyoza, koma Veronika ankawadikirabe.

"Alamu, nsapato za mwanayu ndigula ine," anatero Tracy. "Kodi mumagula kuti?"

"Kumtunda," anayankha Veronika. Mawuwo anangotuluka okha.

M'mawa mwake anakwera njinga zamoto mpaka pa Boma. Pasitolo yaikulu Veronika anatsogola ngati wozolowera, n'kuyamba kukankha chitseko chofunika kukoka. Mtsikana wapakauntala anachotsa maso pafoni, anayang'ana mapatapata a Veronika, n'kupereka moni kwa Tracy yekha. Nsapato zoyera zinalipo peya imodzi, zapulasitiki wouma. Tracy anazitembenuza, anaona mtengo, n'kuzibwezera.

"Izi zithyoka mwana asanafike paguwa. Kaunjika kulibe kuno?"

"Aliko kumunsi, koma ine sindipitako. Fumbi, komanso anthu ake."

"Tiyeni tingokaonako."

Potsetsereka Veronika anayenda pambuyo. Linali Lachisanu, ndiye ankapemphera chamumtima kuti Che Sabiti akhale atapita kumzikiti. Koma dzuwa linali lisanafike pamutu. Bamboyo anali pamalo ake, akutsuka nsapato za mpira m'beseni.

"Amake Deborah, mwachita bwino kufika," anatero akupukuta manja. "Zija ndasunga."

Anapisa dzanja pansi pa benchi n'kutulutsa jumbo. Munali tinsapato toyera tachikopa, tokhala ndi lamba, totsukidwa bwino mpaka kunsi komwe.

Veronika anamva maso a mlamu wake pakhosi.

"Pepani bambo," anatero, "mwina mwandifanizira ndi wina."

Che Sabiti anamuyang'ana kanthawi. Kenako anayang'ana Tracy, chikwama chake ndi tsitsi lake.

"Pepani, mayi. Maso akukalamba."

Anatulutsa nsapatozo m'jumbo n'kuziika pamwamba pa mulu. Mayi wogulitsa makatani pambali, yemwe ankaimba kwaya limodzi ndi Veronika, anayamba kupindanso katani lopindapinda kale.

Tracy ananjuta pamuluwo mosasamala siketi yake. Anatenga nsapato zomwezo, n'kuziyeza ndi kachingwe komwe anayezera phazi la Deborah. Zinali ndendende. Ndiye anayamba kunenerera. Ankadziwa ntchito yake: anapeza pomwe chikopa chinakandika, ananamizira kuchoka, anabwereranso akuseka. Che Sabiti sanalimbane naye. Ankangoti, "Chabwino, mayi," mpaka nsapatozo zinapita pamtengo woti Veronika sakanayerekeza kuutchula kwa iwo. Veronika anangoima potero atagwira chikwama cha mlamu wake, akuyang'ana madzi a sopo m'beseni.

"Zonse ndavalazi ndi za kaunjika wa ku Limbe," anatero Tracy akukwera chitunda. "Siketi, bulauzi, chikwama mwanyamulacho. Achimwene anu amandiseka kuti ndimadziwa tsiku lotsegula belo lililonse."

Anayenda pang'ono, kenako anatsitsa mawu.

"Koma alamu, bambo aja atchula dzina la mwana."

Tracy sanapitirize nkhaniyo. Zimenezo zinamupweteka Veronika kuposa akanamuseka.

Lamulungu Deborah anayenda bwino pamzere wa ana, ndipo amayi anzake ankamukodola Veronika kufunsa kumene anagula nsapato. Ankangomwetulira. Nthawi yolandira Ukalistia itakwana, benchi lonse linanyamuka, Veronika anatsala atagwada. Mwamuna wake Denis pobwera anamufunsa ndi maso, koma iye anangoweramitsa mutu.

Alendo atapita, anathyola nandolo wamuwisi m'munda, anadzaza kathumba, n'kuyenda wapansi mpaka pa Boma. Anapeza Che Sabiti akuyala katundu.

"Che Sabiti, ndabwera."

"Takuonani."

"Ndinalakwa. Ndinkaopa kuti alamu andiseka. Ndilibe chonena china."

Bamboyo anapitiriza kulunzanitsa nsapato ziwiriziwiri.

"Ife a kumunsi tinazolowera," anatero. "Aphunzitsi amagula kuno m'mawa, masana amatidutsa ngati chitsa. Koma inuyo sindinkayembekeza. Nsapato zija anatsuka ndi amayi kunyumba, osati ine. Anati za Deborah atsuka okha."

Veronika anatula kathumba pansi.

"Ayi, musasiye pano. Mukapereke nokha. Njira mukuidziwa."

Ankaidziwadi. Anadutsa pachigayo, anawoloka kamtsinje, ndipo kawiri konse anaima kufuna kubwerera. Abiti Shukuru anali pakhonde akupeta mpunga. Atamuona anaika lichero pambali, anayala mphasa, anafunsa za kunyumba mmodzimmodzi, ngati kuti palibe chinachitika. Veronika anadikira kuti iwo ayambitse nkhaniyo, koma sanayambitse. Pamapeto pake anainena yekha, yonse, kuyambira pachitseko chagalasi.

"Anandiuza tsiku lomwelo," anatero Abiti Shukuru. "Sindinadye."

Nkhuku inabwera kudzajompha mpunga, palibe anaiingitsa msanga.

"Nanga zinamukwana mwanayo?"

"Zinamukwana."

"Sizinamulume kuchidendene? Yakumanzere inali youmirapo."

"Ayi. Anavina nazo mpaka madzulo."

Abiti Shukuru anagwedeza mutu, anakokera kathumba ka nandolo pafupi, n'kukhuthulira pamphasa pakati pawo. Anakankhira theka kwa Veronika. Anasenda limodzi osalankhula zambiri, ndipo pochoka anamuperekeza, koma anangofika naye pamsewu, osati kukamtsinje monga ankachitira kale.