Njinga Yopanda Kiki

Chigulireni njinga yamoto ija, Dickson sanaonepo mtendere m'tauni ya Katete. Sikuti njingayo inali yonyansa ayi. Inali yofiira, yotakata pachifuwa, yaliwiro kuposa galimoto zambiri zodutsa mumsewu wa ku Lusaka, ndipo ngakhale anaigula yogwirapo kale ntchito kwa mkulu wina wochokera kumigodi, ikalira anthu ankasiya kutsatsa malonda pamsika. Chimene chinkamutopetsa Dickson ndi anthuwo. Aliyense woipeza itaima pakhomo pa shopu yake yokonzera mafoni ankaizungulira, n'kugogoda tanki ndi chala ngati akusankha chivwende, kenako n'kufunsa funso lomwe lija: "Manje bosi, inyamula masaka angati?"

Inalibe poika thumba. Inalibe ngakhale pomangirira nkhuku. Dickson ankafotokoza mpaka kukhosi kuuma kuti njinga imeneyi si ya feteleza, ndi yoonera dziko, ndipo tsiku lina adzatsika nayo mapiri a ku Nyimba mpaka kukaima pa mlatho wa Luangwa. Anthu ankagwedeza mutu momumvera chisoni, monga achitira ndi munthu amene wagula ng'ombe yosalima.

Mkazi wake, Vainess, anakwerapo kamodzi kokha, popita kutchalitchi. Kampando kakumbuyo kanali kongokwana chikhatho, ndipo iye anakhalapo cham'mbali monga akhalira mayi aliyense wovala chitenje. Dickson atangoika giya, njinga inapita, Vainess anatsala pansi, amayi anzake a kwaya akuonerera. Kuyambira tsiku limenelo sankaitchulanso kuti njinga. Ankati "akazi anu aang'ono aja."

Panalinso nthenda ina imene Dickson sankafuna kuikamba. Tinjinga tonse ta m'boma muno, tija timanyamula anthu atatu ndi mbuzi, tili ndi kiki: ukaponda ndi phazi, kalira. Yake inalibe. Inkalira ndi batani, batani linkadalira batire, ndipo batirelo linali lokalamba, la mtundu umene ogulitsa a ku Chipata ankangouyang'ana n'kupukusa mutu. Ikazima inkafuna anthu oikankha. Pa msewu wa tala zinali zosavuta, moti Dickson anazolowera kuimika pamalo otsetsereka, n'kumauza anzake kuti amakonda mthunzi wa pamenepo.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanafunsepo za matumba: apongozi ake, a Gibson, bambo ake a Vainess, mlimi wa mtedza wa kumudzi wina kufupi ndi Vubwi. Atabwera ku Katete kudzaonetsa maso awo kuchipatala, anaima nthawi yaitali pambali pa njingayo manja ali kumbuyo, namupempha kuti ailize. Itangolira anaseka ngati mwana. "Mudzabwere nayo kumudzi, akamwini," anatero. "Mudzandiyendetseko pang'ono, anthu a kwathu aone." Dickson analonjeza ndi mtima wonse. Koma msewu wa ku Vubwi anali kuudziwa, mchenga wake ndi miyala yake, ndiye ankangoti mvula ikatha, mvula itatha n'kumati akaukonza msewu.

A Gibson atadwala, Vainess anapita kukawasamalira. Dickson anatsala, akuti shopu. Tsiku lina masana foni inalira, ndipo mawu a Vainess anali ouma. Abambo atisiya, maliro aikidwa mawa dzuwa lili pamutu, ndipo abale a ku Katete apeza lole imene inyamuke madzulo omwewo. Dickson anati lole imeneyo ikagona panjira, iye anyamuka m'mawa ndipo akafika anthu asanayambe n'kukumba komwe.

"Bambo a Mphatso," anatero Vainess, "ndatopa kukuikirani kumbuyo kwa abale anga. Podwala simunabwere. Abambo akalowa m'manda inu kulibe, mukhale ndi akazi anu aang'onowo, ine musadzanditsatenso." Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinamuopsa Dickson, chifukwa Vainess wokalipa ankadziwa kumunyengerera.

Ananyamuka kutangocha, anyamata a pa filingi yomwetsera mafuta atamukankha. Pa tala njinga inauluka. Tinene zoona, pa chigawo chimenecho Dickson anasangalala, ngakhale ankapita kumaliro. Minda ya thonje inkangodutsa ngati nsalu yoyanika, ndipo mumtima anati akanakhala kuti akwera lole ija bwenzi pano akudya fumbi pakati pa madengu.

Atapitirira Chadiza, chimwemwe chinathera pomwepo. Njinga yopangidwira misewu yosalala ikafika pamchenga imasanduka nkhumba yokana kulowa m'khola. Gudumu lakutsogolo linkafuna kumanzere, lakumbuyo kumanja. Mimba yake inkakhula miyala, ndipo kukhula kulikonse Dickson ankakumva m'mano. Wokwera njinga yotere amakhala chowerama, moti posakhalitsa mikono inachita dzanzi, msana n'kuyamba kuyaka, injini nayo ikuwotcha miyendo chifukwa choyenda pang'onopang'ono. Chowawa kwambiri chinali tinjinga tija. Kena kanamupitirira katanyamula makireti a zakumwa, kena katanyamula mayi, mwana ndi chitseko, ndipo onse ankamupatsa moni mwaulemu popitirira. Dickson ankatukwanira m'kati mwa chipewa chake cha panjinga: mchenga, batire, mkulu wa kumigodi uja, ndi aliyense amene anatchula njira imeneyi kuti msewu.

Dzuwa litakwera ndithu, anakhota pa mtengo wa mkuyu n'kuona masamba aawisi atayalidwa chopingasa msewu.

Masamba pamsewu safuna womasulira. Pamudzipo pagwa maliro. Wa njinga yakapalasa amatsika, wa njinga yamoto amazimitsa, wachipewa amavula, onse n'kuyenda wapansi mpaka atadutsa masamba ena kutsidya kwa mudzi. Dickson anaima, injini ikulirabe pakati pa miyendo yake. Sanali maliro a apongozi ake, kumeneko kunali kukadali kutali. Anali a munthu amene sanamuonepo. M'nyumba ina pafupi ndi msewu amayi ankaimba nyimbo ya m'buku, ndipo abambo okhala pansi pa mtengo wa mango anali atatembenuka kale, kuyang'ana chinthu chofiira chimene chinkameza nyimboyo.

Anadziwa bwino lomwe kuti akazimitsa pamchenga pano siidzaliranso. Anadziwanso kuti pamudzipo palibe womudziwa, galasi la chipewa chake ndi lakuda, ndipo kungopotoza dzanja kamodzi akhala atadutsa amayiwo asanamalize vesi. Dzanja linafika pofuna kupotoza. Koma anakumbukira kuti kutsogoloko, pamsewu womwewu, wina wayalanso masamba chifukwa cha a Gibson, ndipo Vainess wakhala pansi m'nyumba ngati iyi. Anatukwana komaliza, motsitsa, n'kutembenuza kiyi.

Nyimbo ija inamveka bwino tsopano. Dickson anavula chipewa n'kuyamba kukankha. Njinga imeneyi inkalemera ngati ng'ombe yakufa, ndipo mudziwo, mwa midzi yonse ya pa dziko, unali wautali. Pofika pa masamba achiwiri thukuta linali litadzaza m'jekete lake lachikopa. Anakwera, nadina batani. Njinga inangoti tcha, tcha, basi.

Abambo angapo ananyamuka pansi pa mango paja n'kubwera. Wowatsogolera anali bambo wamtali wa ndevu zaimvi, amene anadzitchula kuti Sankhani. Anamuthokoza chifukwa cha ulemu, kenako anawerama kuyang'ana mbali iyi, n'kuzungulira kuyang'ana mbali inayo.

"Kodi kiki yake ili pati, achimwene?"

"Ilibe."

"Inathyoka?"

"Anaipanga choncho."

A Sankhani anayang'ana anzawo. Palibe anaseka, poti panali pamaliro, koma Dickson akanakonda akanaseka.

Anamukankha. Anali amuna amphamvu, ozolowera khasu, ndipo anakankha ndi mtima wonse, koma nthawi iliyonse Dickson akasiya kilatchi, gudumu linkangokhukhuluzika mumchenga osazungulira. Anayesa chobwerera, anayesa m'mbali mwa munda, wina anabweretsa batire la sola limene silinathandize kanthu. Mthunzi wa anthu unkafupika pansi pa mapazi awo. Dickson anayesa kuimba foni, netiweki kunalibe. Mantha amene anawakankhira pansi kuyambira dzulo anamubwerera onse.

"Mukuthamangira kuti chomwechi?" anafunsa a Sankhani akupukuta nkhope.

Dickson anatchula mudzi ndi dzina la apongozi ake. Abambo aja anagwira pakamwa. A Gibson ankawadziwa, uthenga anaumva, kungoti nawo anali ndi zawo. "Ndiye mwakhaliranji osanena?" anatero a Sankhani. "Ndi kuseri kwa phiri ilo. Pamsewu mpotalika, koma pali njira ya m'madimba yowoloka pamtsinje. Kwathu kuno tiika madzulo, tikudikira ana a ku Malawi. Ndikuperekezani pa njinga yanga. Koma iyi siidutsa, muisiye pano."

Kuisiya. Dickson sankalola ngakhale Mphatso, mwana wake yemwe, kuikhudza ndi manja a mafuta. Kunyumba inkagona pabalaza, mipando itasunthidwa. Tsopano ayisiye m'mudzi umene dzina lake sankalidziwa, pakati pa khamu la anthu, mbuzi zikununkhiza kale matayala. Anayang'ana njinga, anayang'ana dzuwa. Anaikankhira pansi pa nkhokwe ya a Sankhani, napachika chipewa pa chogwirira.

Mkulu wina anagogoda tanki ndi chala. "Pepani achimwene, ndingofunsako. Imanyamula matumba angati?"

"Ngakhale mwini wake siimunyamula," anayankha Dickson.

Motero mwini wa njinga yaliwiro kuposa zonse m'boma la Katete anakhala pa kaliyala wa njinga yakapalasa yopanda mabuleki akutsogolo, miyendo ili lendelende, atagwira malaya a munthu amene anamudziwa tsiku lomwelo. Anadutsa m'madimba a repu ndi tomato, pamtsinje anatsika n'kuwoloka madzi a m'mawondo, pachitunda Dickson anathamanga pambali atagwira chishalo. Nsapato zake zazitali zinadzaza madzi, ndipo chidendene chinayamba kusupuka.

Anamva nyimbo asanaone anthu. Siinkachokera m'mudzi koma m'nkhalango ya kumanda, ndipo mtima wake unagwa. Analumpha njinga isanaime, osatsazika n'komwe, nathamanga kudutsa m'munda wa mtedza wokumbakumba. Atalowa m'mitengo anapeza bokosi lili pamitanda pamwamba pa dzenje, abusa akutseka buku, adzukulu akukonza zingwe. Mlamu wake wamkulu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatope a kumapazi, ndipo anasendera pang'ono n'kumupatsa nsonga ya chingwe. Dickson anatsitsa nawo apongozi ake. Pokwirira analandira khasu ndipo sanafune kulipereka kwa wina mpaka atachita kumulanda.

Itafika nthawi yoika nkhata, woitana mayina anaitana ana a malemu pamodzi ndi amuna awo ndi akazi awo. Vainess ananyamuka pakati pa amayi, maso atatupa, duku litatsika mpaka pansidze. Dickson anakaima pambali pake. Mkaziyo sanamuyang'ane kumaso.

"Ili kuti?" anafunsa monong'ona.

"Ndaisiya kwa eni. Ndinapeza masamba panjira, ndinazimitsa, yakana kulira."

Vainess anayang'ana dothi lofiira la pamtumbira.

"Chiyambire m'mawa khutu langa lili kumsewu," anatero. "Ine amene ndimadana nalo phokoso lija, lero ndimalipempherera. Abambonso chimodzimodzi. Masiku onsewa akamva njinga patali ankadzutsa mutu pamphasa, kumvetsera, kenako n'kunena kuti, si imeneyo, ya akamwini imalira ngati kukubwera mvula."

Anamupatsa mbali imodzi ya nkhata kuti agwire, ndipo anagwada limodzi. Kuyambira kutacha Dickson anali atakwiyira mchenga, batire, msewu ndi anthu ofunsa za matumba. Pamenepo anafunafuna wina woti amukwiyire, koma sanamupeze, ndipo analira mokweza pamaso pa mudzi wonse, Vainess atamugwira pamkono wa jekete lija.